Kodi Mwana Wonenepa Ndiye Wathanzi?

Amayi, ambiri mwa inu munamvera sewero lija la pawailesi la amayi awiri apachibale amene anapita limodzi kusikelo. Kwa inu amene linakupitani, nkhani yake inali yotere.

Mkulu amakhala m'tauni ndipo amachita geni ya mandasi ndi zigege pamsika. Mng'ono wake anatsala kumudzi komwe amalima. Onse awiri ali ndi ana a zaka zitatu. Mwana wa mng'onoyo ndi wamfupi, wochepa thupi ndiponso sachedwa kudwala. Mwana wa mkuluyo ndi wonenepa zedi, moti akathamanga pang'ono amayamba wefuwefu. Tsiku lina mkulu uja atabwera kudzacheza kumudzi, onse anatengana ulendo wa kusikelo pamodzi ndi mayi awo. M'njira monse agogowo ankangoyamikira mdzukulu wa m'tauni. "Mwana ndi uyu! Akuchita kuoneka kuti kwawo kuli chakudya." Mng'ono uja anangozyolika ndi manyazi.

Koma anamwino atayeza ana aja kulemera kwawo ndi msinkhu womwe, ananena kuti onse awiri sakukula bwino ndipo kadyedwe kawo kayenera kusintha. Agogo anapsa mtima. "Mwana wooneka bwino chonchi mukuti ali ndi vuto? Kapena ndi nsanje?"

Sewero litatha, funso limene linamveka kwambiri m'magulu omvera wailesi linali lomwelo la agogo: kodi anamwino aja sanalakwitse? Ayi, sanalakwitse. Tiyeni tione chifukwa chake.

Kudya kosayenera kumaoneka m'njira zingapo

Tikamva za matenda a kusowa zakudya m'thupi, ambirife timangoganiza za mwana woonda, wa nthiti zoonekera. Koma vutoli limaoneka m'njira zinayi.

1. Kupinimbira. Mwana amakhala wamfupi poyerekeza ndi zaka zake. Izi zimachitika pang'onopang'ono, mwana akakhala nthawi yaitali osadya zoyenera kapena akamadwaladwala.

2. Kunyentchera. Mwana amaonda kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wake. Ana ena amatupikana mapazi, miyendo ndi nkhope.

3. Njala yobisika. Mwana amakhuta ndithu, koma m'thupi mwake mumasowa zinthu monga ayironi, ayodini ndi vitamini A. Zotsatira zake ndi kuchepa kwa magazi, kufooka ndi kudwala pafupipafupi.

4. Kunenepa kopitirira muyezo. Mwana amalemera kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wake chifukwa thupi lasunga mafuta ochuluka.

Chodabwitsa n'chakuti mwana mmodzi angathe kukhala ndi mavuto awiri kapena atatu mwa amenewa pa nthawi imodzi. Angakhale wamfupi, wonenepa, komanso wochepa magazi. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi vutoli lilipodi kuno kwathu?

Ena amati kunenepa kwa ana ndi nkhani ya kwa azungu. Kale zinkaoneka choncho, koma zinthu zasintha.

M'chaka cha 2015 mpaka 2016, ofesi ya boma ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita kafukufuku wa zaumoyo m'maboma onse a dziko la Malawi. Anapeza kuti pa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu, ana 37 anali opinimbira, ana 3 anali oonda kwambiri, ndipo ana pafupifupi 5 anali onenepa kopitirira muyezo. Taonani: ana onenepa mopitirira anali ambiri kuposa ana oonda kwambiri. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti ana 63 pa 100 aliwonse a miyezi 6 mpaka 59 anali ndi magazi ochepa. Kwa amayi a zaka 15 mpaka 49, amayi 21 pa 100 aliwonse anali onenepa kopitirira muyezo, pamene amayi 7 pa 100 anali oonda.

M'chaka cha 2025 bungwe la UNICEF linalengeza kuti, kwa nthawi yoyamba, padziko lonse ana a zaka 5 mpaka 19 onenepa kwambiri anaposa chiwerengero cha ana ochepa thupi. Kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara sitinafike pamenepo, chifukwa ana ochepa thupi akadali ambiri. Choncho ife tili ndi katundu muwiri pamutu umodzi. Vuto lakale la kupinimbira lisanathe, latsopano la kunenepa lafika kale, makamaka m'matauni ndi m'misika ya m'mbali mwa misewu.

Zitheka bwanji m'banja limodzi?

Tiyeni tione zimene ana a m'sewero aja ankadya.

Mwana wa kumudzi ankadya phala la ufa woyera lamadzimadzi m'mawa, lothira mchere wokha. Masana ndi madzulo ankadya nsima ndi msuzi wa ndiwo. Mazira mayi ake ankagulitsa. Usipa ukapezeka, wambiri unkapita m'mbale ya abambo.

Mwana wa m'tauni ankakhala ndi mayi ake pamsika tsiku lonse. M'mawa ankamwa tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi awiri. Akalira ankamugulira majigisi, bisiketi kapena firizesi kuti atonthole. Masana ankadya tchipisi ndi chakumwa cha m'botolo. Pofika madzulo anali atakhuta kale, ndipo ndiwo zamasamba ankazikana.

Mukaonetsetsa, ana awiriwa ankasowa zinthu zofanana. Onse sankadya nyemba, nsinjiro, mazira, nsomba, masamba ndi zipatso mokwanira. Mmodzi ankadzaza mimba ndi ufa ndi madzi. Mnzake ankadzaza mimba ndi ufa, shuga ndi mafuta. Zakudya zimenezi zimakhutitsa ndi kupatsa mphamvu, koma sizimanga thupi, sizipanga magazi, ndipo siziteteza ku matenda. Mphamvu zikachuluka kuposa zimene mwana akugwiritsa ntchito, thupi limazisandutsa mafuta n'kuzisunga.

Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chotsekemera limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni aang'ono 8. Palibe mayi amene angathire masupuni 8 a shuga m'kapu ya mwana wake, koma m'botolo shugayo sitimuona.

Si kuti amayi awiriwa sankakonda ana awo. Wina ankasowa ndalama, winayo ankasowa nthawi. Ndiponso zakudya za m'mapaketi zimapezeka paliponse, ngakhale pageti pa sukulu, sizifuna nkhuni, ndipo ana amazikonda.

M'mera mpoyamba

Pali chinthu china chimene chimalumikiza mavuto awiriwa. Masiku 1,000 oyamba a moyo wa mwana, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndi nthawi imene ubongo, mafupa, impso ndi ziwalo zina zimakula mofulumira. Mwana akasowa zakudya zoyenera pa nthawi imeneyi, thupi lake limazolowera kusunga chilichonse chimene lalandira. Msinkhu umene wataya pa nthawiyi ndi wovuta kuubweza.

Tsono mwana wotere akadzayamba kudya zashuga ndi zamafuta zambiri atakula pang'ono, satalika kwenikweni koma amangonenepa. Akadzakula, iyeyu sachedwa kudwala matenda a shuga ndi othamanga magazi. Ndiye kuti mwana wopinimbira wa lero angathe kudzakhala munthu wonenepa ndi wodwaladwala mawa.

Thanzi la mayi nalonso limakhudza mwana. Mayi woonda kapena wochepa magazi amatha kubereka mwana wochepa thupi. Mayi wonenepa kwambiri, kapena amene ali ndi shuga pa nthawi yoyembekezera, amatha kubereka mwana wamkulu kwambiri, ndipo kubereka kwake kumavuta. N'chifukwa chake timakulimbikitsani kuyamba sikelo ya amayi oyembekezera miyezi itatu isanathe, ndi kumwa mankhwala owonjezera magazi amene mumalandira.

Kodi kunenepa kuli ndi vuto lanji?

Mwana wonenepa kopitirira muyezo sadwala lero ndi lero, ndipo n'chifukwa chake makolo ambiri sadera nkhawa. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mavuto ake ndi awa:

- Amatopa msanga, amapuma movutikira, ndipo ena amachita nkonono kwambiri usiku.
- Mawondo ndi miyendo zimamupweteka chifukwa cha kulemera.
- Mano amabooka chifukwa cha zotsekemera.
- Anzake amamuseka, ndiye amayamba kudzipatula ndi kuleka kusewera. Akaleka kusewera amanenepa moonjezera.
- Ana ambiri onenepa amakula ali onenepabe. Akakula amakhala pa chiopsezo cha matenda a shuga, othamanga magazi, a mtima ndi kufa ziwalo.

Matenda a shuga ndi othamanga magazi akayamba, nthawi zambiri munthu amamwa mankhwala moyo wake wonse. Kupewa kumayambira m'mbale ya mwana.

Chenjezo: kutupikana si kunenepa

Amayi, apa mvetsetsani. Pali ana ena amene amaoneka ngati anenepa pamene atupa chifukwa cha kusowa zakudya m'thupi. Mwana wotere amakhala wosakondwa, safuna kudya, tsitsi lake limasanduka lofiirira ndi lapepelepepele, ndipo khungu nthawi zina limasupuka.

Kuti mudziwe, dinikizani ndi zala zanu zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana, muwerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, kenaka chotsani zala. Pakatsala tizenje pa mapazi onse awiri, mwanayo watupikana. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ena amati ndi tsempho ndipo amayamba kulozana zala m'banja. Pamene mukukangana, mwana akufooka. Matendawa amachizika mukafulumira.

Kusikelo amayezanso mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka 59 ndi kalamba ka mitundu itatu. Kakasonyeza pofiira, ndiye kuti mkono sunakwane masentimita 11.5 ndipo mwana wanyentchera kwambiri. Pachikasu ndi chenjezo. Mwana amene wapatsidwa chiponde kuchipatala adye yekha. Chiponde ndi mankhwala, si chogawana ndi abale ake.

Mungadziwe bwanji kuti mwana akukula bwino?

Maso amanama. Chimene chimanena zoona ndi sikelo ndi buku la mwana la kuchipatala. Pitani ndi mwana kusikelo mwezi uliwonse mpaka atakwanitsa zaka zisanu, ngakhale atamaliza katemera. Alangizi a zaumoyo akalemba kadontho m'buku, afunseni kuti akufotokozereni. Mzere wa mwana uyenera kukwera pang'onopang'ono motsatira mizere ya m'bukumo. Ukaima kapena kutsika, pali vuto. Ukakwera mofulumira n'kudumpha mizere ya pamwamba, pafunikanso kukambirana. Pemphani kuti amuyezenso msinkhu, chifukwa kulemera kokha sikunena zonse.

Koma dziwani ichi: khanda losakwana miyezi 6 limene likuyamwa bere lokha, ngakhale litanenepa bwanji, musalichepetsere bere. Kunenepa kwa mkaka wa m'mawere kumaphwa kokha mwana akayamba kukwawa ndi kuyenda. Ndipotu kuyamwitsa kumathandiza kuteteza mwana ku mavuto onse awiri, kunyentchera ndi kunenepa kopitirira.

Mbale imodzi ya ana onse awiri

Nkhani yabwino ndi yakuti mankhwala a mwana wopinimbira ndi a mwana wonenepa ndi amodzi: zakudya zakasinthasintha. Amayi athu anaphunzira magulu atatu a zakudya. Masiku ano timaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi:

1. Zokhutitsa: nsima ya mgaiwa, mbatata, chinangwa, mapira, mpunga, nthochi zophika.
2. Zanyemba: nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya, mtedza.
3. Zanyama: mazira, usipa, matemba, utaka, mkaka, nkhuku, chiwindi, ngumbi.
4. Zamasamba: bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, chigwada, mpiru, therere, maungu.
5. Zipatso: mapapaya, mango, magwafa, nthochi, masuku, malambe, masawu, malalanje.
6. Zamafuta: mapeyala ndi mafuta ophikira pang'ono.

Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapeza kuti ana 8 okha pa 100 aliwonse a miyezi 6 mpaka 23 ndi amene ankadya zakudya zamitundumitundu komanso kangapo patsiku monga zifunikira. Komatu zambiri mwa zakudyazi timalima tokha kapena zimangomera kuseri kwa nyumba. Ndalama ya botolo limodzi la chakumwa ingathe kugula mazira kapena kamulu ka usipa.

Kadyetsedwe ka mwana kazikhala motere:

Kuyambira pobadwa mpaka miyezi 6: bere lokha, usana ndi usiku. Osampatsa madzi, phala, dawale kapena tiyi.

Miyezi 6 mpaka 8: pitirizani kuyamwitsa. Yambani phala la mgaiwa lolimbirako, losayoyoka pasupuni, kawiri kapena katatu patsiku. Muzithiramo nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, usipa wosinja, dzira kapena masamba opota. Likuni Phala nalonso ndi labwino.

Miyezi 9 mpaka 23: pitirizani kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Mwana adye katatu kapena kanayi patsiku, ndi kachakudya kena pakati monga nthochi, papaya kapena mbatata yofiira m'kati. Akhale ndi mbale yakeyake kuti muone zimene wadya. Mupatseni ndiwo zenizeni, osati msuzi wokha.

Zaka 2 mpaka 5 ndi ana a sukulu: adye katatu patsiku pamodzi ndi banja, ndipo ndiwo zikhale zokwanira. Popita kusukulu m'patseni mbatata yophika, chimanga chootcha, chinangwa kapena chipatso ndi botolo la madzi abwino, m'malo mwa ndalama. Mtedza wosasinja musapatse ana aang'ono chifukwa ungawatsamwe.

Mwana wosakwana zaka ziwiri asapatsidwe zakumwa zotsekemera ndipo m'phala lake simufunika shuga. Ena amati, "Nanga si shuga wa masiku ano ali ndi vitamini A?" Zoona, shuga wopangidwa kuno amathiridwa vitamini A. Koma chimenecho si chifukwa chochulutsira shuga. Vitamini A mwana amamupeza m'bere, m'mapapaya, mango, maungu, mbatata yofiira m'kati, masamba obiriwira, ndi m'timakapisozi timene amalandira kusikelo miyezi 6 iliyonse. Tiyinso si wabwino kwa ana aang'ono chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi m'zakudya.

Ngati mwana wanu wanenepa kale

Musachite mantha ndipo musadziimbe mlandu. Chitani izi:

- Musamumane chakudya. Mwana akukula, ndipo mukamumana mungamuchititse njala yobisika. Cholinga si kuti aonde, koma kuti msinkhu wake upeze thupi lake.
- Sinthani mtundu wa chakudya. M'malo mwa zakumwa za m'mabotolo ndi mafirizesi, amwe madzi. M'malo mwa mandasi, zigege ndi tchipisi tsiku ndi tsiku, adye mbatata yophika ndi zipatso. Zokazinga zikhale za apo ndi apo.
- Akakhuta, musamukakamize kumaliza mbale.
- Musamutonthoze kapena kumunyengerera ndi switi. Munyamuleni, muimbireni, sewerani naye.
- Akakana masamba lero, yesaninso mawa ndi mkuja. Ana amazolowera chakudya akachiona kambirimbiri, makamaka akaona inu mukudya.
- Musamutchule maina onyoza, ndipo musalole ena kumuseka.
- Musamupatse mankhwala kapena zitsamba zochepetsa thupi.
- Banja lonse lisinthe pamodzi. N'kovuta kuti mwana amwe madzi pamene abambo ake akumwa chakumwa chotsekemera pamaso pake.

Ana azisewera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a chaka chimodzi mpaka zinayi aziyendayenda ndi kusewera maola atatu patsiku, ndipo a zaka 5 kupita m'tsogolo azisewera masewero othamanga kwa ola limodzi tsiku lililonse. Chipako, fulaye, jingo, kulumpha chingwe ndi mpira wachikulunga ndi zokwanira. Mwana wosakwana zaka ziwiri asamapatsidwe foni kapena kukhazikidwa pa kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Ngati mwana wonenepa akumwa madzi kwambiri, akukodza pafupipafupi, akubanika kutulo, kapena khungu la kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa lada ngati litsiro losachoka, pitani naye kuchipatala akamuone.

Agogo ndi abambo asatsale

M'sewero muja, agogo sanali munthu woipa. Iwo anakula pa nthawi imene mwana woonda ankatanthauza maliro, ndipo ambiri a ife tikukumbukira njala ya 2002 imene inasautsa midzi yambiri. Munthu amene anaona zotere akaona mwana wonenepa mtima wake umakhala pansi. Choncho polankhula ndi agogo kapena apongozi, lankhulani mwaulemu. Atengeni kusikelo kuti akamve okha. Akafuna kusangalatsa mdzukulu, apempheni kuti amubweretsere masuku, nthochi kapena dzira. Iwowa ndi amenenso amadziwa kutendera ndiwo ndi kufutsa masamba, nzeru zimene tikuzifuna lero.

Abambo nawonso auzeni. Pobwera kunyumba, phukusi la usipa kapena mapapaya limaposa paketi ya bisiketi. Pokolola, banja lisunge mtedza, soya ndi nyemba zina za ana, osagulitsa zonse.

Mukukumbukira mmene sewero linathera. Mng'ono uja analeka kugulitsa mazira onse ndipo anayamba kuthira nsinjiro m'phala. Mkulu anayamba kutenga mbatata yophika, nthochi ndi botolo la madzi popita kumsika. Agogo anapatsa ana awo onse awiri thumba limodzilimodzi la mtedza wa m'munda mwawo.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi kwanu kuno anthu amati chiyani akaona mwana wonenepa? Nanga akaona woonda?
2. Tchulani zonse zimene mwana wanu anadya dzulo. Zikuchokera m'magulu angati mwa asanu ndi limodzi aja?
3. Ndi ndalama zingati zimene mumagwiritsa ntchito pa sabata pogulira ana zotsekemera? Ndalamazo zingagule chiyani china?
4. Kodi mungasiyanitse bwanji mwana wonenepa ndi mwana wotupikana?

Mwezi wamawa pobwera kusikelo musaiwale buku la mwana. Tidzaone limodzi mmene mzere wake ukuyendera.